BP mwa mwana wa zaka 4, zoona?

Mayi wina wandilembera kuti mwana wake wa zaka 4 am'peza ndi BP yokwera, ndiye akufunsa ngati makinawo sanalakwitse. Mayi, kalata yanu yandikumbutsa mwana wa mchemwali wanga.

Mtsikana ameneyu anayamba kudzuka zikope zitatupa. Ife tinkachita kum'seka kuti wayamba kunenepa. Mkodzo utasanduka wofiirira ngati tiyi, kuseka kunatha. Kuchipatala anamuyeza kutentha thupi ndi kulemera, koma BP ayi. Mayi ake atafunsa, anawayankha kuti BP ndi matenda a akuluakulu. Yankho limenelo limandiwawa mpaka lero. Kenako anadzam'peza ndi kutupa kwa impso kumene kumabwera patatha sabata imodzi kapena ziwiri mwana atadwala zilonda zapakhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya a streptococcus. Impso zikatupa zimasunga madzi ndi mchere m'thupi, magazi n'kuyamba kuthamanga. Anachira, koma tinavutika.

Ndinene mosabisa: wachipatala amene waona mwana wotupa nkhope n'kusiya kumuyeza BP walakwa, basi. Bungwe la madokotala a ana ku America, la American Academy of Pediatrics, linanena mu 2017 kuti kuyambira zaka 3 mwana aziyezedwa BP chaka chilichonse. Ndipo chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi anthu ofulumira kunena kuti "m'chepetsereni mchere". Mwa munthu wamkulu BP imatha kubwera popanda chifukwa chodziwika, koma mwa mwana wamng'ono chonchi kawirikawiri pamakhala matenda ena amene abisala. Nthawi zambiri ndi impso: kutupa, zipsera zotsala pambuyo pa matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza, kapena mtsempha wopita ku impso wopanikizika. Ena amabadwa ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima uli wopapatiza, moti BP imakwera m'mikono koma m'miyendo imatsika. Palinso mavuto a mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa ntchito za ziwalo), mankhwala ngati prednisolone, ndi kubadwa masiku asanakwane.

Nanga za makina aja?

Kukayikira kwanu n'komveka. Lamba wokulunga pamkono akachepa, nambala imakwera mwabodza, chimodzimodzinso mwana akamalira. Apempheni amuyezenso pa maulendo atatu osiyana, ndi lamba womukwana, nambalayo aiyerekeze ndi zaka zake ndi kutalika kwake. Ikapezekabe yokwera, amuyeze mkodzo, magazi, BP ya m'miyendo, ndiponso amuunike impso. Koma mwana akatupa, akamasanza, akamadandaula mutu kwambiri kapena akakomoka, musadikire tsiku limene anakupatsani.