Mfuti mwaipeza pa intaneti, nanga ikafikira kwa yani? Yankho kwa achimwene a ku South Bend

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Dzina ndasunga. Akuti amagwira ntchito ya usiku yosamalira okalamba, ali ndi green card, ndipo akuba atawathyolera galimoto kawiri pakhomo pomwe, aganiza zosunga mfuti m'nyumba. Apeza pistol ya 9mm pa intaneti pa mtengo wa madola 429, koma wogulitsayo wakana kutumiza kunyumba kwawo, akufuna dzina la FFL, wogulitsa mfuti wa laisensi amene angawalandirire phukusilo. Atapita kusitolo yaikulu ya mfuti ya kufupi nawo, anauzidwa kuti kungolandira phukusi ndi madola 60. Funso lawo ndi ili: "Ndingamupeze kuti wotchipirako? Ku Niles kuli wina wa madola 20, ndingapite kumeneko? Komanso msuweni wanga wa pasukulu akuti andipatse ndalama ndimuoderenso yake, kuti tilipire kamodzi."

Achimwene, mwafunsa zinthu zitatu, ndipo chachitatucho chandidzidzimutsa kuposa zinazo. Tifikako. Tiyambe ndi munthu amene mukumusakayu.

Kwathu kuja, wofuna mfuti amakapempha chilolezo kupolisi. Kuno boma lalikulu la ku Washington silipereka chilolezo kwa wogula, limagwira wogulitsa. Kuchokera pa lamulo la Gun Control Act la 1968, mfuti siyenera kudumpha malire a chigawo kupita kwa munthu wamba mwachindunji. Iyenera kufikira m'manja mwa munthu amene ali ndi laisensi ya ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, ndipo ameneyo ndiye FFL. Phukusi likafika amalitsegula, nambala ya mfuti nkuilemba m'kaundula wake, kenaka amakuitanani. Inu mumadzaza Form 4473, fomu ya boma ya wogula mfuti, iye amatumiza dzina lanu ku NICS, makina a FBI ofufuzira mbiri ya wogula amene anayamba kugwira ntchito mu Novembala 1998. Yankho likabwera labwino, mfuti ndi yanu. A FBI salipiritsa kanthu pa kufufuzako, ndipo Indiana ilibe chindapusa chake chowonjezera ngati mmene zilili ku Tennessee komwe amadula madola 10, kapena ku Florida komwe ndi madola 5. Ndiye madola 60 mwauzidwawo onse ndi a mwini sitolo. Palibe lamulo lowaikira mtengo kwanuko. Aliyense amatchula momwe wadzukira.

Chifukwa chake masitolo aakulu amadula sichovuta kuchimvetsa. Mwini sitolo wadzaza makabati ndi katundu, akulipira lendi ndi antchito, inu nkulowa kudzanena kuti mwagula kwina koma akuthandizeni kulandira. Zili ngati kulowa mu lesitilanti ndi nsima yanu yophikaphika nkupempha mbale ndi madzi osamba m'manja. Sakuthamangitsani, koma mbaleyo ailipiritsa mokhaula.

Otchipa ali kwina. Oyamba ndi a masitolo a pinyolo, aja amalandira chikole nkubwereketsa ndalama. Ambiri mwa iwo ali ndi laisensi ya mfuti, ndipo kwa iwo kulandira phukusi lanu ndi ndalama yongotola. Achiwiri ndi anthu amene amachitira bizinesiyi pakhomo pawo, mwina m'galaja kapena m'kachipinda kapansi, ena pa tebulo lodyera lenilenilo. Musadabwe, ndi zololedwa. Laisensi ya wogulitsa ndi madola 200 pa zaka zitatu zoyamba, kenaka madola 90 pa zaka zitatu zilizonse, choncho opuma pantchito ambiri amaitenga kuti azipeza ya mafuta a galimoto. Anthu oterewa m'madera ambiri amatchula pakati pa madola 20 ndi 35. Enanso ndi okonza mfuti, ndi malo ophunzirirako kuwombera, omwe nthawi zina amatsitsa mtengo kwa mamembala awo.

Kuwapeza kwake, masamba ambiri ogulitsa mfuti, monga GunBroker, ali ndi malo olembapo ZIP code yanu nkukuonetsani ma FFL ozungulira, nthawi zina ndi mitengo yomwe. Mitengo imeneyo musaikhulupirire, ina inalembedwa zaka zapitazo. A ATF nawonso amaika pa tsamba lawo mndandanda wa onse a laisensi chigawo ndi chigawo, ndipo mmenemo ndi momwe mumapeza aja a m'galaja amene alibe chikwangwani pamsewu. Pa tsamba lomwelo pali FFL eZ Check, yoonera ngati laisensi ya munthu ikadali yamoyo. Mukamva wina akuti ali ndi laisensi ya Type 03, mulekeni. Imeneyo ndi ya otolera mfuti zakale, sangalandire mfuti m'malo mwa munthu wina.

Za ku Niles zija, iwalani. Ndikudziwa kuti ndi pafupi, mphindi zochepa chabe pa galimoto, koma Niles ili ku Michigan. Mfuti yam'manja imaperekedwa ndi FFL wa m'chigawo chimene mukukhala basi. Ikanakhala mfuti yaitali yosakira agwape nkhani ikanakhala ina, chifukwa imeneyo lamulo limalola kugula pa kauntala m'chigawo china ngati malamulo a mbali zonse ziwiri akuvomereza. Koma pistol yanuyo iyenera kutsikira ku Indiana. Yang'anani ku Mishawaka, ku Granger, ku Elkhart.

Tsopano pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Kwa mzika yobadwira kuno, wotchipa ndi wotchipa basi. Kwa ife obwera, mtengo wa pa chikwangwani ndi kachigawo kochepa ka nkhani. Fomu ija imafunsa dziko limene ndinu mzika yake, ndipo ngati si United States, mulembanso nambala yanu ya ku imigireshoni, ija ili pa green card. Zikatero NICS imafunsanso ku nthambi yoona za olowa m'dziko, ndipo sizachilendo kuti m'malo mwa "proceed" pabwere "delayed". Si kukanidwa ayi, ndi kuuzidwa kuti dikirani. Lamulo limati pakatha masiku atatu a ntchito FBI isanayankhe, wogulitsa ali ndi ufulu wokupatsani mfutiyo. Ufulu, osati udindo. Ena amapereka, ena amati sapereka mpaka yankho lenileni libwere, ndipo kufufuza kumodzi kumagwira ntchito masiku 30 okha, akatha mumayambiranso fomu yatsopano.

Ine zinandionekera. Ndinapeza bambo wina wa madola 15, ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Mfuti itafika ndinapita, ndinatulutsa laisensi yoyendetsera galimoto ndi green card. Bambo uja anaitembenuza khadiyo kawiri katatu, nkunena kuti iye sanagulitsepo kwa munthu wosakhala mzika ndipo sakufuna mavuto. Ndinayesa kufotokoza kuti lamulo limalola, koma iye ali ndi ufulu wokana aliyense, ndipo anakanadi. Mfuti inali kale m'kaundula wake, kotero kuti ituluke inayenera kutumizidwa kwa FFL wina. Ndinalipira madola 15 ake aja, ndinalipira zotumizira, ndinakalipiranso kwa wachiwiriyo. Mlandu unali wanga: sindinaimbe foni kufunsa ndisanaode. Safunsa anadya phula.

Ndiye musanadine batani logulira, imbani foni, ndipo funso loyamba lisakhale la mtengo. Nenani poyera kuti muli ndi green card, nkufunsa ngati anathandizapo anthu otere. Mukamva kachetechete kapena "ndifunse kaye", pitani kwina ngakhale atakhala wa madola 10. Akayankha momasuka, funsani chimene amachita likabwera yankho la "delayed". Kenaka za ndalama: kodi mtengowo ndi wa mfuti imodzi kapena fomu imodzi, akufuna kashi yokha kapena khadi yomwe, amayamba liti kulipiritsa zosungira mukachedwa kudzatenga, nanga yankho likakhala lokana zimatha bwanji. Pomaliza pake pamapweteka, chifukwa wogulitsa wa pa intaneti uja akalandira katundu wobwerera amadula gawo la ndalama zanu, ndipo zotumizira zimakhala zanunso. Funsaninso ngati amalandira phukusi lochokera kwa munthu wamba, poti ena amangolandira zochokera kwa FFL anzawo. Ndipo kwa a pakhomo aja, funsani nthawi imene amapezeka. Munthu amene masana ali kuntchito ina, phukusi lofuna siginecha ya munthu wamkulu limatha kubwerera kawiri. Inu ogwira usiku mungagwirizane naye bwino amene amatsegula masana, osati wa madzulo okha.

Mukagwirizana, iye ndiye amatumiza kope la laisensi yake kwa wogulitsayo, nthawi zambiri pa imelo. Musatumize mfuti kwa FFL amene simunalankhule naye. Ambiri amakwiya nazo, ena amawonjezera mtengo.

Tiwerengere limodzi ndalama zija, chifukwa ndikukayika ngati 429 ndi 429 yeniyeni. Tiyerekeze kuti zotumizira ndi madola 25. Msonkho wa malonda ku Indiana ndi 7 peresenti, pafupifupi madola 30, ndipo chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa South Dakota v. Wayfair mu 2018 chitadutsa, ogulitsa ambiri a pa intaneti amaudula pomwepo. Ena amawonjezera 3 peresenti mukalipira pa khadi, tinene madola 13. Wolandira wotchipa, 25. Zonse pamodzi mwafika pa 522. Tsopano ngati mfuti yomweyo ili pa shelefu ku Mishawaka pa madola 499, ndi msonkho ifika cha pa 534. Kusiyana kwake madola 12, ndipo ya pa shelefuyo mwaigwira m'manja, mwaona ngati ikukwanani, ikavuta mukudziwa khomo logogoda. Ine ndimachita chonchi: ndimamuonetsa mwini sitolo mtengo wa pa intaneti pafoni nkumufunsa ngati angayandikireko. Kutsitsana mtengo tinakuphunzira ku msika wa Limbe, musakusiye pa bwalo la ndege. Masitolo ang'onoang'ono ambiri amatha kuoda okha mfutiyo kwa owapatsa katundu, ndipo ikabwera choncho palibenso ndalama yolipira wolandira phukusi.

Tsiku lokatenga, adiresi ya pa chiphaso chanu ikhale ya komwe mukugona lero. Ife timasamukasamuka, chaka chino apatimenti iyi chaka chamawa ina, laisensi nkumanenabe zakale. Ngati zili choncho tengani chikalata china cha boma chokhala ndi adiresi yatsopano, monga cha kalembera wa galimoto. Bilu ya foni kapena kalata ya lendi ya eni nyumba sizigwira. Nambala ya Social Security pa fomupo ndi yosakakamiza, koma ine ndimalemba, imathandiza kuti asakusokonezeni ndi munthu wina. Mfutiyo iyang'anitsitseni musanasaine chilichonse, chifukwa mukasaina ogulitsa ambiri amaitenga ngati yogwiritsidwa kale ntchito. Werengani funso lililonse modekha. Pali lina lofunsa za chamba, ndipo fomuyo imachenjeza kuti kuloledwa kwake m'chigawo china, ngati ku Michigan komweko, sikusintha lamulo la boma lalikulu. Pa funso la unzika musayerekeze nkomwe kulemba United States mwachangu kapena mwachizolowezi. Kudzitcha mzika pomwe simuli ndi chimodzi mwa zinthu zimene a imigireshoni sakhululuka. Ndipo ngati mungathe, pewani sabata ya Black Friday, tsiku la malonda otsika mtengo kumapeto kwa Novembala, chifukwa ogula amachuluka. Mu 2017 tsiku limenelo lokha NICS inalandira mayina opitirira 200,000.

Tifike kwa msuweni uja. Ayi, achimwene. Funso loyambirira la mayankho a inde kapena ayi pa fomuyo limafunsa ngati inuyo ndinu wogula weniweni. Munthu akakupatsani ndalama kuti mumugulire, wogula ndi iyeyo, ndipo inu mukayankha kuti inde mwanama. Nkhani ya Bruce Abramski ndi yodziwika. Anali wapolisi wakale ku Virginia, anagulira malume ake a ku Pennsylvania mfuti ya Glock 19 pofuna kuwapezera mtengo wotsika umene apolisi amapatsidwa. Malumewo anali munthu wololedwa kukhala ndi mfuti, analibe mlandu uliwonse. Komabe mu 2014 khoti lalikulu, pa mavoti asanu kwa anayi, linati Abramski analakwa. Onani kuti nayenso ankangofuna kupulumutsa timadola. Ndipo kuyambira 2022 pali lamulo lapadera loti wogulira mfuti munthu amene saloledwa kukhala nayo akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 15.

Msuweni wanuyo ngati ali pa viza ya sukulu, ali m'gulu la anthu amene lamulo limawaletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo, pokhapokha atagwera m'zifukwa zochepa zimene linapatula, chodziwika kwambiri nkukhala ndi laisensi ya ulenje imene ikugwira ntchito. Ngati akuifunadi, apite yekha, ndi mapepala ake, adzaze fomu yake, makamaka atayamba walankhula ndi loya wa za imigireshoni. Inu musaikepo dzanja, ngakhale kumubwereka yanu kuti akasunge kwake. Mzika ikalakwa pa nkhani ya mfuti imapita kundende nkubwerera kunyumba kwake. Wa green card akapezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti, lamulo la imigireshoni limalola kumukweza ndege, ndipo zaka zonse mwatembenuza okalamba usiku zija zimathera pa Chileka ndi kachikwama kamodzi. Ndikudziwa kuti kukana wachibale nkovuta, mawu amafika kumudzi inu musanadzuke. Muuzeni kuti wakana ndine.

Chotsalira ndi chaching'ono koma ndisachisiye. Wogulitsa aliyense wa laisensi ayenera kukupatsani loko kapena chotsekera pamodzi ndi mfuti yam'manja, ndi lamulo la 2005. Nthawi zambiri kamakhala kachingwe kachitsulo kokhala ndi kiyi. Munatchula kuti muli ndi ana awiri ndipo usiku simukhala pakhomo, ndiye madola 35 amene mupulumutse pa wolandira uja muwonjezerepo mugule kabokosi kachitsulo kotsegula ndi manambala, ndipo mayi a kunyumba mupite nawo limodzi ku kalasi yoyamba yophunzira kagwiridwe kake. Mukamupeza wa ku Mishawaka kapena ku Elkhart amene sanachite mantha ndi green card, mundilembere. Alipo ena awiri a ku Indiana komweko amene anandifunsapo zomwezi.