Achemwali a ku Chinamwali, nkhani ya zinyalalayi musaipirire

Achemwali, ndawerenga za aneba anu omwe akutaya mapampasi ndi madzi otsukira mbale kuseri kwa mpanda wanu, ndipo mtima wanga wawawa chifukwa mavuto a pakhomo panga anayambanso chimodzimodzi. Ena m'gulu muno akukuuzani kuti mungopirira poti mnansi ndi m'bale. Ine ndikukupemphani kuti musawamvere, chifukwa ambiri mwa iwo sanaonepo zomwe ngalande yotsekeka imalavula mvula ya kuno ku Zomba ikagwa usiku wonse, madzi akutsika kuchokera kuphiri.

Ine ndimakhala ku Chikanda, chakumunsi kufupi ndi mtsinje wa Likangala. Kumtunda kwa poloti yanga kuli mdadada wa zipinda zalendi, ndipo mabanja onse okhala m'menemo, pamodzi ndi anyamata ena a sukulu, ankagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi chokumba, popanda dzala ngakhale limodzi. Mwini nyumbazo sakhala nafe. Amabwera kumapeto kwa mwezi kudzatolera lendi, galimoto n'kuisiya kutali pamsewu kuopa matope. Popeza alendi ake analibe potaya zinyalala, ankaponya zonse m'ngalande yomwe imadutsa pakati pa mapoloti athu: majumbo, makoko a nzimbe, mabotolo, phulusa la pambaula ndi mapampasi a ana. Ndinawayendera bambowo mwaulemu, ndinatumako mkulu wa kumpingo, ndipo nthawi zonse yankho lawo linali lakuti aona chochita mwezi wamawa.

Mukukumbukira momwe zinthu zinalili mu Januwale 2023, kolera itavuta dziko lonse. Mliri umene uja unayambira kwa anzathu a ku Machinga mu Marichi 2022, ndipo pomwe unkatha unali utapha anthu opitirira 1,700. Usiku wina wa mwezi umenewo mvula inayamba titangodya nsima, magetsi atazima. Chomwe chinandidzutsa pakati pa usiku sichinali phokoso la mvula pamalata, koma fungo. Nditatsitsa phazi pabedi ndinaponda m'madzi ozizira ofika m'kakolo, ndipo nditawalitsa tochi ya pafoni ndinaona kuti madziwo ndi akuda, akulowera pansi pa chitseko cha kuseri, atanyamula manyi a anthu, nsanza ndi mphutsi. Ana anga awiri anali atagona pamphasa pabalaza. Wamng'onoyo, yemwe panthawiyo anali asanayambe sukulu, anali akadali m'tulo, bulangete lake litanyowa ndi madzi amenewo mpaka m'khosi, dzanja lili kukamwa monga amagonera ana. Mayi a kunyumba anamunyamula akulira, n'kuyamba kumusambitsa ndi madzi a mumtsuko omwe tinasungira kumwa, osazindikira kuti ndowa zina zonse zinali zitagubuduka kale. Thumba la ufa lomwe tinagayitsa sabata yomweyo linali litamira theka. Makope a mwana wamkulu, mbale, mbaula, nsapato, zonse zinkayandama m'nyansi za anthu ena.

Ndinatuluka ndi khasu kuti ndikatsegule ngalande. Pamalo pomwe madzi amayenera kukhotera kumsewu panali patatsekeka ndi majumbo ndi mapampasi otupa, moti khasu linkangoterera, ndipo ndinachita kuzula ndi manja. Nditalondola komwe nyansizo zinkachokera ndinapeza kuti kuseri kwa chimbudzi cha alendi aja njerwa zam'munsi zinali zitachotsedwa mwadala, n'kuziunjika bwinobwino pambali. Mnyamata wina wa m'zipindazo, yemwe anandipeza pomwepo, anandiuza akunjenjemera kuti mwini nyumba anamulamula kuti mvula yamphamvu ikamagwa azichotsa njerwazo kuti chimbudzi chiphweko, chifukwa galimoto yopopa zimbudzi ndi yodula. Munthu wamkulu, wa ana ndi zidzukulu, anakhala pansi n'kuganiza kuti njira yopulumutsira ndalama zake ndi kukhuthulira chimbudzi m'nyumba momwe mukugona ana a mnzake.

Posakhalitsa mwana wamng'ono uja anayamba kutsegula m'mimba, chimbudzi chake chili choyera ngati madzi otsukira mpunga, akusanza chilichonse chomwe tamupatsa. Pofika madzulo maso anali atalowa mkati, kulira kwake kusakumveka, ndipo khungu la pamimba ukalitsina linkangokhala chomwecho osabwerera. Tinamutengera kuchipatala panjinga yamoto ya kabaza, mayi ake atamukumbatira pakati, ine ndikuthamanga pambuyo m'matope mpaka nditapeza njinga ina. Anamwino anavutika kupeza mtsempha woti alowetsemo diripi chifukwa thupi linali litauma. Mwanayo anachira, ndipo ndimathokoza Mulungu ndi anamwino aja, koma m'tenti momwe tinagonekedwa si onse omwe anatuluka ndi ana awo amoyo.

Chomwe sindidzaiwala ndi mawu a bambo aja nditawapeza. Sanafunse n'komwe kuti mwana ali bwanji. Anandiuza kuti madzi saiwala khwawa, ndipo palibe yemwe anandikakamiza kumanga kumunsi. Nkhani itapita kwa amfumu a m'dera lathu, ndinapereka chabwalo, anthu anasonkhana, mnyamata uja anaopa kubwereza zomwe anandiuza poti akanathamangitsidwa m'nyumba, ndipo chigamulo chinali chakuti tonse awiri tigwirizane polambula ngalande. Ndinatuluka pabwalopo ngati kuti inenso ndinali wolakwa. Anthu oterewa amamanga zipinda mpaka m'malire mwa poloti, osasiya malo a dzala kapena a chimbudzi chachiwiri, chifukwa kwa iwo kachigawo kalikonse ka nthaka ndi lendi, ndipo fungo lake salimva poti amagona kwina.

Yemwe anatithandiza anali mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, amene anabwera kudzathira klorini pakhomo mwana atatuluka m'chipatala. Ataona dzenje lija la kuseri kwa chimbudzi anandifotokozera zomwe anthu ambiri sadziwa, zakuti nkhani ngati imeneyi si mkangano wa anansi chabe koma ndi mlandu pamaso pa malamulo. Lamulo la zaumoyo wa anthu, Public Health Act, lomwe lakhalapo kuyambira 1948, limati chimbudzi, ngalande kapena mulu wa zinyalala zomwe zikuika moyo wa anthu pachiswe ndi chosautsa choyenera kuchotsedwa, ndipo limapatsa khonsolo mphamvu zolembera kalata wochititsa vutolo, kapena mwini malowo, yomulamula kuti akonze pofika tsiku loikika. Akakana, nkhaniyo imatha kupita kwa majisitireti. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalolanso makhonsolo kukhazikitsa malamulo awoawo a ukhondo, ndipo Chinamwali, monganso Chikanda, Matawale, Sadzi ndi Mpondabwino, ili pansi pa khonsolo ya mzinda wa Zomba. Ngakhale majumbo opyapyala omwe amatseka ngalande zathuwa boma linawaletsa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma onani momwe adzazira mu Likangala, mtsinje womwe anthu a kumunsi amachapamo ndi kuthiririra ndiwo zamasamba usanakathire m'nyanja ya Chilwa. Kalata ya khonsolo itawafika eni nyumba aja, galimoto yopopa inabwera, dzenje linatsekedwa ndi simenti ndipo dzala linakumbidwa, zinthu zomwe anakana kuchita nthawi yonse yomwe ndinkawapempha mwaulemu.

Komabe sindikubisirani kuti zimenezi zinatidyera mtendere. Lendi ya zipinda zija inakwera mwezi wotsatira, ndipo alendi anauzidwa kuti wachititsa ndi ine. Amayi ena anasiya kupatsana moni ndi mayi a kunyumba pampopi, ndipo titaferedwa chaka chomwecho, a m'zipinda zija omwe anabwera kudzagona pasiwa anali owerengeka.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti musathamangire kukhonsolo. Yambani mwapita kwa aneba anuwo ndi munthu wachikulire yemwe amamulemekeza, mulankhule nawo modekha osati pamaso pa ana, ndipo ngati ndi alendi mufufuze kaye ngati ali ndi dzala, chifukwa mwina nawonso akusowa potaya ndipo woyenera kumufunsa ndi mwini nyumba. Amfumu musawalumphe, ngakhale kuti ine sanandithandize, chifukwa mukadzafika kwa akuluakulu funso loyamba lidzakhala lakuti kodi a m'dera akudziwa. Dzina la anebawo musalilembe pa Facebook kapena m'gulu muno, poti zimenezo zimasandutsa wodandaula kukhala woimbidwa mlandu. Koma pamene mukuchita zonsezi, jambulani zithunzi zoonetsa mpanda ndi zinyalalazo, lembani masiku m'kope, ndipo muuzeni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu sabata ino, osadikira kuti mwana adwale. Ngati palibe chosintha, lembani kalata ku dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo, ina mupereke kwa khansala wa wodi yanu, ndipo mupemphe kuti kalata yomwe mutsale nayo aidinde chidindo cha tsiku lomwe mwapereka. Mukapeza anansi ena awiri kapena atatu osayina nawo, mkwiyo sudzagwera pa inu nokha monga unagwera pa ine.

Pakadali pano madzi akumwa muzithira klorini kapena kuwawiritsa, ndowa muziike pamalo okwera, ana asasewere kuseri kwa mpandako, ndipo mapampasi omwe ali kale kumeneko muwakwirire mozama mutavala majumbo m'manja, chifukwa agalu akawapeza amawakokera pakhomo. Ngalande ya kumbali kwanu muilambule mwezi wa Novembala usanafike, ndipo muyende nayo mpaka kumtunda kuti muone ndi maso anu kuseri kwa chimbudzi cha anebawo.