Za mayi ovala zakuda pamanda ku Cairo aja

Achemwali, mwafunsa kuti mayi ali pachithunzi chija, ataima pamanda ku Cairo, ndi ndani, komanso ngati n'zoona kuti anaferedwa ana awiri. Amenewo ndi a Farah Pahlavi, mkazi wa mfumu yomaliza ya Iran, Mohammad Reza Pahlavi. Za anazo n'zoona, ndipo ine zimandikhudza kuposa zisoti ndi mikanda zimene anthu amakonda kuponya muno.

Anabadwira ku Tehran mu 1938, dzina lakwawo ndi Farah Diba, mwana mmodzi yekha wa msilikali. Bambo awo anamwalira iwo asanakwane zaka khumi, choncho iwo ndi mayi awo anakakhala kwa amalume. Mu 1959 anali ku Paris, kuphunzira zojambula mapulani a nyumba, pamene mfumu inakumana ndi ophunzira a ku Iran ku ofesi ya kazembe. Chaka chomwecho chisanathe, mu Disembala, ukwati unachitika. Iwo anali ndi zaka 21, mfumu 40.

Koma dziwani kuti anali mkazi wachitatu. Woyamba, Fawzia, mlongo wake wa mfumu Farouk ya ku Egypt, anabereka mwana wamkazi, Shahnaz, banja n'kutha mu 1948. Wachiwiri, Soraya, anasiyidwa mu 1958 chifukwa mphatso sinkabwera, pomwe lamulo linkafuna mwana wamwamuna wodzalowa ufumu. Tangoganizani mtsikana kulowa m'nyumba yotero, dziko lonse maso ali pamimba pake. Amayi muli muno mukudziwa kulemera kwake ngakhale apongozi awiri okha akamakuwerengera miyezi. Pa 31 Okutobala 1960 anabadwa Reza, mtima wa dziko n'kukhala pansi. Kenako anabwera Farahnaz mu 1963, Ali Reza mu 1966, ndi mzime, Leila, mu 1970.

Pa 26 Okutobala 1967 a Farah anagwada pamaso pa amuna awo, mfumuyo n'kuwaveka chisoti ndi manja ake. Udindo wawo unkatchedwa Shahbanu, kutanthauza mfumukazi, ndipo malamulo anasinthidwa kuti mfumu ikamwalira Reza asanakule, iwo ndi amene adzagwirizire mpando. Ntchito anagwiradi. Ankapita kwa odwala khate, anthu amene ena ankaopa ngakhale kuwapatsa moni, n'kumakhala nawo pafupi. Analimbikitsa malaibulale a ana, ndipo nyumba yosungiramo zojambula imene inatsegulidwa ku Tehran mu 1977 inadzaza ndi ntchito za akatswiri ojambula monga Picasso, Warhol ndi Pollock chifukwa cha khama lawo. Zambiri zidakali komweko.

Ndaona ena ayankha kale kuti asatilize, anadya bwino nthawi yawo. Sindiwatsutsa kotheratu. Ufumu umenewu unali ndi apolisi achinsinsi otchedwa SAVAK, amene ankamanga ndi kuzunza otsutsa boma, ndipo kuli amayi ena a ku Iran amene ana awo analowa m'ndendezo osabwererako. Mu 1971 ku Persepolis, mabwinja a mzinda wakale wa mafumu a dzikolo, kunachitika phwando lokumbukira zaka 2,500 za ufumu, alendo akugona m'matenti apamwamba, chakudya chochokera ku Paris, kwinaku midzi yambiri ili pa umphawi. A Farah anali mkatikati mwa zonsezi. Wonena zimenezi sakunama. Chimene ndikukana n'choti chuma chimachepetsa ululu wa maliro a mwana.

Pa 16 Januwale 1979, anthu ataukira ufumuwo, a Farah anakwera ndege ndi amuna awo, ndipo sanapondenso ku Iran. Mfumuyo inali ndi khansa imene inaibisa kwa zaka, ngakhale kwa mkazi wake yemwe. Anayendayenda ndi wodwala: Egypt, Morocco, Bahamas, Mexico, chipatala ku New York, kenako Panama. Kulowa kwawo ku America ndi kumene kunautsa ophunzira kulanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran, anthu 52 n'kusungidwa masiku 444, ndipo kuyambira apo amene ankadya nawo dzulo anayamba kutseka zitseko. Anwar Sadat, mtsogoleri wa Egypt pa nthawiyo, ndiye anawalandiranso. Mfumu inamwalirira ku Cairo pa 27 Julayi 1980, n'kuikidwa mu mzikiti wa Al-Rifa'i. Kwa inu muli ku Joni: bambo a mfumuyi, Reza Shah, nawonso anafera kuchilendo, ku Johannesburg komweko mu 1944, ndipo thupi lawo linayamba lasungidwa mu mzikiti womwewu.

Amene analipira kwambiri ndi ana aang'ono awiri aja. Leila anachoka kwawo ali ndi zaka 8, pofika zaka 10 bambo kulibe. Anakula akuvutika ndi matenda a maganizo komanso vuto la kusadya, ndipo mu Juni 2001 anapezeka atamwalira m'chipinda cha hotela ku London atamwa mankhwala ogonetsa opyola muyeso. Anali ndi zaka 31. Anamuika ku manda a Passy ku Paris, pafupi ndi agogo ake, mayi a Farah, amene anali atamwalira chaka chapitacho. Ali Reza anali wamaphunziro, anadutsa ku mayunivesite a Princeton, Columbia ndi Harvard, akufufuza mbiri ndi zilankhulo zakale za dziko limene sakanatha kupitako. Anadzipha ku Boston pa 4 Januwale 2011, ali ndi zaka 44. Bwenzi lake linali loyembekezera, ndipo mwana wamkazi anabadwa mu Julayi chaka chomwecho, osawaona bambo ake. Pa mayina ake pali la Leila.

Otsala ndi Farahnaz, amene safuna zoonekera, ndi Reza, amene amakhala ku America ndipo mumamumva pa nkhani akutsutsa boma la Iran. Iye ndi mkazi wake Yasmine ali ndi ana aakazi atatu, Noor, Iman ndi Farah. A Farah Pahlavi eni ake amakhala kwina ku Paris, kwina ku America, ndipo kwa zaka zambiri akhala akupita ku Cairo mwezi wa Julayi kukaona manda a amuna awo. Chithunzi mwaponyacho chiyenera kuti n'cha ulendo umodzi mwa maulendo amenewo.