Khoma likagwa, return ipite kuti?

Wowerenga wina wa ku Indiana, ku America, watitumizira imelo. Akufuna kugwetsa khoma lolekanitsa khitchini ndi pabalaza, koma m'munsi mwa khomalo muli cold air return, chibowo chachikulu chija chokhala ndi grille (chivindikiro cha mabowo) chimene chimakoka mpweya wa m'nyumba kuubwezera ku furnace, makina otenthetsa nyumba. Akufunsa ngati angangochitseka, ndipo ngati ayi, achisunthire pati.

Kutseka kokha ayi, achimwene. Furnace imatulutsa mpweya wofanana ndi umene yakoka. Mukaimana mpweya, m'chilimwe coil ya AC (timapaipi toziziritsa mpweya) imagwira madzi oundana, m'nyengo yachisanu furnace imatentha mopitirira n'kumazima yokha chifukwa cha limit switch, switchi yoiteteza ku kutentha, ndipo pakapita nthawi heat exchanger, chitsulo cholekanitsa utsi wa moto ndi mpweya wa m'nyumba, imatha kung'aluka. Chizindikiro choyamba ndi likhweru pa grille, komanso zitseko zimene zimadzitseka zokha fani ikayaka.

Yambani ndi kuyeza. Chotsani grille, muunike ndi tochi. M'nyumba zambiri zakale simupezamo paipi. Mpweya umangodutsa m'mpata wa pakati pa ma stud awiri (matabwa oimirira a m'khoma), n'kutsikira pakati pa ma joist (mitanda yochirikiza pansi pa nyumba) amene anawakhomera lata kunsi. Mpata umodzi wotere ndi mainchesi 14.5 m'lifupi ndi 3.5 kuya, basi. Njira yatsopano isachepere yakaleyo paliponse, makamaka pokhota. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amagula grille yaikulu yokongola, kumbuyo kwake kuli kabowo koti ngakhale dzanja silingalowe bwino. Powerengera, amisiri amaika 400 CFM (ma cubic feet a mpweya pa mphindi) pa tani iliyonse ya AC (tani apa ndi muyeso wa mphamvu yoziziritsa), ndi grille ya masikweya inchi pafupifupi 200 pa tani. AC ya matani atatu ndiye kuti ikufuna 1,200 CFM ndi grille ya 20 kwa 30, kapena ziwiri zazing'ono zokwanira pamodzi.

Malo ake akhale khoma la m'kati, pabalaza kapena pakhonde la m'kati, posatsekedwa ndi sofa, komanso kutali ndi vent yotulutsa mpweya, apo ayi mpweya uzingozungulira pomwepo. Malamulo a zomangamanga a IRC a 2018 saloleza kukoka mpweya wa m'bafa, m'garaja kapena m'closet, ndipo return iyenera kutalikirana mafiti 10 ndi draft hood (chipewa chotulukira utsi) ya water heater ya gasi imene ili m'chipinda chomwecho, chifukwa ingakokere utsi wa carbon monoxide m'nyumba. Popeza khitchini yanu ikhala yotseguka, italikireni ndi chitofu, ngati simukufuna kuti fungo la usipa wokazinga lifike zipinda zonse. Malamulo atsopano m'madera ambiri salolanso kugwiritsa ntchito mpata wa ma stud ngati njira ya mpweya, choncho kafunseni ku ofesi yopereka permit musanadule.

Pogwira ntchito, zimitsani furnace, mumate grille zonse ndi pulasitiki. Fumbi la drywall (mabolodi a khoma) limatseka filter ndi coil mwamsanga. Mukaona tepi yoyera yonga pepala pa mapaipi akale, musaing'ambe, ikhoza kukhala asbestos, imene fumbi lake ndi loopsa ku mapapo. Njira yatsopano ikhale ya lata, yomangidwa ndi masikuluu, m'malumikizidwe monse mupakemo mastic (phala lomatira mipata) kapena tepi ya aluminiyamu yolembedwa UL 181. Duct tape ya nsalu ija imauma n'kumatuka. Joist musaidule kuti duct idutse. Bowo lololedwa ndi losapitirira gawo limodzi mwa atatu a kuya kwake, ndipo return sikwanamo. Dutsani pansi pake, kapena mangani soffit, bokosi lobisa duct kudenga. Bowo lakale la pansi litsekeni ndi lata ndi mastic, kuti lisamakoke mpweya wachinyontho wa m'basement.

Mukamaliza, mmisiri wa HVAC (wa ma furnace ndi ma AC) ayeze static pressure, kupanikizika kwa mpweya m'njira zake, ndi chida chotchedwa manometer. Ma furnace ambiri analembedwa 0.5 inch w.c. pa chikwangwani chake. Ikapitirira kwambiri pamenepo, onjezerani return ina musanamate drywall.