Sabata yoyamba musaphunzitse kaye

Mayi wina wandilembera imelo, akuti akuyambitsa kosi ya pa intaneti mwezi wamawa ndiye ophunzira awalandire bwanji. Mayi, funso lanuli landikumbutsa zowawa.

Mu 2020 sukulu zitatsekedwa chifukwa cha korona ndinalembetsa kosi ina, fizi yake ndinachita kukongola kwa achimwene. Tsiku loyamba chomwe tinalandira ndi PDF ya masamba ambirimbiri ndi pasiwedi ya Moodle, webusayiti yophunzirirapo, basi, ngakhale moni panalibe. Pasiwediyo inakana. Ndinakhala pakhonde foni ili m'manja, magetsi atazima kuyambira m'mawa, batire ikutha, ndikulowetsa ikukana, ndikulowetsanso ikukana, woti ndimufunse osamudziwa. Manyazi anandigwira, ndimaona ngati anzanga onse alowa kale ndatsala ndekha. Patatha masabata awiri ndi pomwe ndinamva kuti tinalipo ambiri, ena anangosiya osabwereranso, ndalama zawo zinapita choncho.

Ndiye zoti anthu amasiya kosi chifukwa cha ulesi ine ndimakana, ndipo ndimakana kwamtuwagalu. Mlendo akafika pakhomo timayamba tamulandira katundu, kumupatsa mpando, kumulonjera, nkhani zimabwera pambuyo, nanga pa intaneti tikuyambiranji ndi malamulo ndi madeti a asayimenti? Zinanso zimandinyansa, mphunzitsi kulamula kuti aliyense ayatse kamera pa Zoom, pomwe wina wagula kabandulo ka WhatsApp kokha, wina ali mu minibasi akuchokera kuntchito, wina mwana ali kumsana akutakasa ndiwo. Vidiyo imadya data koopsa. Komanso Zoom yaulere imaduka pa mphindi 40, anthu musanamalize nkomwe kudziwana yaduka, ena sabwereranso.

Ndiye mutani Mayi?

Tsegulani gulupu ya WhatsApp kosi isanayambe. Tumizani voice note yaifupi, mawu anu enieni, munene dzina lanu, nthawi yomwe mumayankha mameseji, ndi woti afunsidwe zinthu zikakana. Jambulani sikirini muwaonetse podina. Ntchito yoyamba ikhale yopanda malikisi, alowe, alembe dzina ndi komwe ali, atumize chithunzi chimodzi kuti ayesere kutumiza fayilo.

Amene sanalowe pofika Lachitatu muimbireni foni, osati meseji. Ine pakhonde paja ndimangoyang'ana foni kuti mwina wina aimba.