Vayolini yatsopano sikulira? Musathamangire guluu

Mayi, mwati vayolini imene mwagulira mwana wanu wa zaka 9 sikutulutsa mawu akamaikwecha ndi uta, nsambo zikungokhwefuka zokha, ndipo kathabwa konyamula nsambo kabwera kali kogwa, moti mukuganiza zokamata. Guluuyo muikeni kaye patali. Pa zonse mwatchulazi palibe chosonyeza kuti vayoliniyo ndi yowonongeka. Zambiri zimatuluka m'katoni zili choncho.

Musanakunge nsambo ngakhale imodzi, suzumirani m'kati kudzera m'mabowo awiri aja ooneka ngati chilembo cha f. Muyenera kuona kamzati koima chilili, kokhudza thabwa la pamwamba ndi la pansi, chakumbali ya nsambo yaing'ono kwambiri. Kamzatika sikomata, kamangoima chifukwa chopanikizika. Mukagwedeza vayoliniyo n'kumva kanthu kakugubuduka m'katimo, ndiye kuti kagwa. Zikatero lekerani pomwepo, pezani wodziwa kuti akaimike ndi kachitsulo kake, chifukwa mukakunga nsambo popanda kamzatika thabwa la pamwamba limatha kuphwatika kapena kung'aluka.

Ngati kali chiimire, bwerani pa kathabwa kaja, kamene oimba amati bridge. Nakonso sikomata, nsambo ndi zimene zimakagwira. Malo ake ndi pakati pa mabowo awiri aja, molunjika ndi timizere tating'ono tochekedwa m'mbali ya m'kati mwa bowo lililonse. Mbali yaitali ikhale pansi pa nsambo yonenepa ya G, yaifupi pansi pa nsambo yaing'ono kwambiri ya E, ndipo nkhope yake yafulati iyang'ane kumbuyo kumene nsambo zamangidwa. Pakani pensulo m'timipata todutsa nsambo kuti ziziterera. Pamene mukukunga muzikayang'ana cham'mbali, chifukwa nsambo zimakakokera kutsogolo pang'onopang'ono, kenako mumangomva phwaa, kagwa. Kakayamba kupendekeka kawongoleni ndi zala za manja onse awiri. Pa vayolini yaikulu, mpata wa pakati pa nsambo ndi mapeto a thabwa lakuda loponderapo zala umakhala pafupifupi mamilimita 3.5 pa E ndi 5.5 pa G, ndipo pa yaing'ono umacheperako. Ukapitirira kwambiri apo, mwana amamva kuwawa m'zala n'kuyamba kudana nayo, inu n'kumati ndi ulesi.

Kusalirako vuto ndi uta. Ubweya wa pa uta ndi wa mchira wa hatchi, ndipo ukakhala watsopano umangoterera pa nsambo. Umafuna utomoni wouma wotchedwa rosin, umene nthawi zambiri umabwera m'kabokosi kakang'ono m'chikwama momwemo. Amene anaonapo woimba kaligo akupaka utomoni pa uta wake, nzeru yake ndi yomweyo. Kandani pamwamba pa utomoniwo ndi kiyi kuti pachoke kusalala, potokolani sikuluwu ya kumapeto kwa uta mpaka pakati pa ubweya ndi ndodo pathe kulowa pensulo, ndiye kwechani ubweya wonse pa utomoniwo maulendo 30 kapena 40. Zimenezi n'zatsiku loyamba lokha. Masiku enawo maulendo atatu kapena anayi ndi okwanira, mukachulutsa mawu amakhala okanda m'khutu. Ubweyawo asamaugwire ndi zala, mafuta a m'manja amaupha, ndipo akamaliza kuimba azimasula uta kuti ndodo isawongoke n'kutaya mphamvu.

Zikhomo zokungira nsambo zilibe mazinga ngati sikuluwu, zimangogwira chifukwa chothinana ndi bowo. Choncho popotokola muzikankhiranso chikhomocho m'kati. Chikamabwererabe, chizuleni, chipakeni choko cha kusukulu pamalo awiri owala pamene chimakhudza mtengo. Nyengo yathu imasewera nazo kwambiri zimenezi: mu Seputembala ndi Okutobala mtengo umauma, zikhomo n'kumakhwefuka, pomwe nthawi ya dzinja zimafufuma n'kulimba. Cholimba chipakeni sopo wouma pang'ono chabe. Pulayala ayi, mungathyole.

Potchuna ikani pa foni pulogalamu ya tuner, yosonyeza ngati nsambo yafika pa mawu ake. Nsambozo kuyambira yonenepa ndi G, D, A, E. Yambani ndi A, tuner ikhale pa 440, kenako D, G, n'kumalizira E. Nsambo ya E ndi imene imaduka kawirikawiri, ndiye ikayandikira mawu ake siyani chikhomo, malizani ndi kasikuluwu ka kumbuyo kwa bridge. Nsambo zatsopano zimatamuka kwa masiku angapo, musadabwe kutchuna m'mawa ndi madzulo sabata yoyamba. Posintha muzichotsa imodziimodzi, ndipo za gitala musaikepo.

Chimodzi chimene simunafunse koma n'chofunika ndi msinkhu. Mwana wa zaka 9 nthawi zambiri amayenera 1/2 kapena 3/4, osati 4/4 ya akuluakulu. Aike vayolini pansi pa chibwano, atambasule dzanja lamanzere kunsi kwake. Chikhatho chikafumbata mutu wopiringizika uja chigongono chili chopindikabe pang'ono, ndiye kuti ndi yake. Kumugulira yaikulu poti adzakuliramo, ngati yunifolomu, kumangomupweteketsa phewa.

Poyambira, mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Loweruka lokha. Masabata oyamba azingokwecha nsambo popanda kuponda zala, ali pa galasi, kuonetsetsa kuti uta ukuyenda mowongoka pakati pa bridge ndi thabwa lakuda lija. Akatha apukute fumbi la utomoni ndi kansalu kouma, osati sipiriti, amasungunula vanishi. Musaisiye m'galimoto kapena pawindo lowomba dzuwa, chifukwa guluu wa vayolini yopangidwa bwino ndi wa chikopa, amafewa ndi kutentha komanso chinyezi. Msoko ukatseguka m'mbali, khwefulani nsambo pang'ono mupite nayo kwa wokonza. Superglue akalowapo, msokowo sudzatsegukanso bwino tsiku lofuna kukonza m'kati.