Geni yapaboda imayambira pa meseji

Achemwali, mwafunsa kuti timaoda bwanji katundu kunja wogulitsa tisanamuone, komanso ngati Chingerezi chochepa chingakukwanireni. Chingakukwanireni ndithu. Ntchito yambiri imathera pafoni musanakwere basi, ndipo mawu amene muziwamva tsiku ndi tsiku ndi akuti message.

Wogulitsa akati "message me", akufuna mumulembere, osati kumuimbira. M'shopu mumakhala phokoso, ndiye oda yanu amaiwerenga akapeza mpata. Mukaimba n'kumva "leave a message", mwini foni palibe. Tchulani dzina, nambala ndi chimene mukufuna, basi.

Mawu amene muyenera kusamala nawo ndi akuti "I got your message". Apa munthu akungonena kuti uthenga wafika. Sanavomere mtengo, sanakusungireni chilichonse. Atsopano ambiri amanyamuka atangowerenga zimenezi, n'kukapeza makatoni atapita kale ndi wina amene anabwera ndi ndalama m'manja. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dikirani alembe kuti "confirmed" ndipo abwereze yekha kuchuluka kwa katunduyo. Palinso "I get the message", yomwe imatuluka mukamupanikiza kwambiri pa mtengo. Akuti wamva, zakwana. Pamenepo lekani kunenerera.

Oda muziilemba mu meseji imodzi: dzina la katundu, mtundu, saizi, kuchuluka, mtengo wa chimodzi, ndalama ya dziko liti, ndi tsiku lokatenga. Muikepo chithunzi. Ma voice note ndi abwino popatsana moni, koma mtengo ine sindiulandira pakamwa. Munthu ali pamsewu, malole akudutsa, "fifteen" ndi "fifty" zimamveka chimodzimodzi, ndiye mkangano wake mudzaupeza mutafika kale. Manambala alembedwe.

Matiki a pa WhatsApp asakunamizeninso. Imodzi yotuwa ndiye kuti meseji yachoka kwa inu, ziwiri ndiye kuti yalowa mufoni mwake, zikakhala zabuluu waitsegula. Koma zabuluuzo munthu atha kuzizimitsa, ndipo kutsegula sikuvomera. Kuyambira 2017 wotumiza amatha kufufuta meseji mbali zonse ziwiri, ndipo kuyambira 2023 amatha kuisintha pasanathe mphindi 15. Enanso amatchera kuti macheza azizimiririka okha pakatha maola 24, masiku 7 kapena 90. N'chifukwa chake mukangogwirizana mtengo, jambulani screenshot nthawi yomweyo. Ena amati n'kusakhulupirirana, koma wogulitsa wachilungamo sadandaula nazo.

Mukawoloka boda, bando yakwanu nthawi zambiri sigwira, ndiye mumabwerera ku SMS mpaka mutagula simu ya komweko. SMS imodzi imanyamula zilembo 160. Zikapitirira mumalipira ziwiri, ndipo pa roaming, kugwiritsa ntchito simu yakwanu muli kunja, zimapweteka. Moni wautali musiyeni.

Thiransipota naye muzichita naye chimodzimodzi. Akutumizireni nambala ya galimoto, nambala ya dalaivala, ndi chithunzi cha katundu wanu atapakiridwa, dzina lanu likuoneka pa katoni iliyonse.

Komatu meseji si invoisi. Pa kasitomu amafuna pepala lochokera kwa wogulitsa, losonyeza katundu ndi mtengo wake, chifukwa msonkho amawerengera pamenepo. Macheza a pafoni angokuthandizani pakabuka mkangano ndi wogulitsayo kapena ajenti wokuwolotserani katundu paboda.

Chomaliza ndi akathyali. Tsiku lina mudzalandira meseji yochokera pa nambala yachilendo, chithunzi chili cha wogulitsa wanu yemwe uja, akuti foni yatayika ndipo dipoziti muitumize ku akaunti ina, lero lomwe. Musayankhe pomwepo. Imbani nambala yakale, kapena funsani mnzanu amene ali kumeneko akafike pashopu. Ngati n'zoona kuti wasintha akaunti, akuimbireni pa vidiyo mumuone nkhope, kenaka mutumize.